Dotolo wa ku Ferrara ndi Mitsempha ya m'Khosi

Nkhani ya lero icokera kutsidya la nyanja, ku maiko a Italy ndi Canada. Ikamba za dotolo wina amene anakhulupirira kuti wapeza gwero la nthenda yoopsya, ndi za odwala zikwi zambiri amene anamvera mau ace natsanulira cuma cao pa njira yace ya kuciritsa. Mbiri yace inabuka m'caka ca 2009, ndipo panapita zaka zisanu ndi zitatu kuti mlandu uweruzidwe, ngati njirayo iciritsa kapena iai. Nthendayo siipezeka kawirikawiri m'dziko muno, koma mlandu wace ukhudza munthu ali yense amene anagulapo mankhwala cifukwa mnansi wace anati, "Awa ndiwo anandiciza ine."

Nthenda yace

Pa Cingerezi nthendayi ichedwa multiple sclerosis, ndipo madotolo afupikitsa dzinalo nati MS. Tanthauzo lace ndilo zipsera zambiri zolimba. Koma poyamba payenera kulongosoledwa liu limodzi. Pa Cinyanja liu lakuti mtsempha linena zinthu zitatu zosiyana. Iripo mitsempha yotumiza mwazi kucokera ku mtima kumka ku ziwalo. Iripo mitsempha yobweza mwazi kucokera ku ziwalo kumka ku mtima. Iriponso mitsempha ya mithenga, m'mene simuyenda mwazi konse, koma mithenga yocokera ku bongo yakuuza dzanja kuti ligwire, ndi yocokera ku phazi yakuuza bongo kuti laponda minga. Nthenda ya MS igwira mitsempha ya mithenga. Koma dotolo wa m'nkhaniyi anati gwero lace liri m'mitsempha yobweza mwazi. Apa ndipo panagona mkangano wonse.

Mitsempha ya mithenga ifanana ndi waya wa magetsi. Amisiri a magetsi pa mgodi adziwa kuti waya ali yense akutidwa ndi mphira, ndi kuti mphirayo ikasupuka magetsi sayendanso bwino. Momwemonso mitsempha ya mithenga ya m'bongo ndi ya m'msana iri ndi cikuto ca mafuta cochedwa myelin. Mwa munthu wodwala MS, asilikari a m'thupi, amene nchito yao ndiyo kumenyana ndi tizirombo ta matenda, asokera nayamba kuononga cikuto cimeneci. Pamene paonongeka patsala cipsera, ndipo mithenga ikafika pamenepo icedwa, kapena siipitirira konse. Cifukwa cace wina diso limacita mdima, wina miyendo imacita dzanzi nilemera, wina amadzandira poyenda monga woledzera ngakhale sanalawe mowa, ndipo ambiri amamva kutopa kumene sikutha ngakhale atagona usiku wonse.

Kawirikawiri nthendayi iyamba pakati pa zaka 20 ndi 40, pa msinkhu wa kumanga banja ndi kulera ana, ndipo akazi ndiwo acuruka kuposa amuna. M'caka ca 2020 anthu okhala nayo pa dziko lonse anawerengedwa ngati 2.8 miliyoni. Icuruka m'maiko ozizira. Ku Canada kokha alipo oposa 90,000. M'Afrika ya kumwera kwa cipululu ca Sahara opezeka nayo ali owerengeka, ngakhale kuti madotolo a bongo ndi makina oidziwira alinso ocepa.

Liripo khalidwe limodzi la nthendayi limene liyenera kusungidwa m'mutu kufikira nkhani ithe. Mwa odwala ngati 85 pa 100 ali onse, nthendayi poyamba imabwera nipita yokha. Munthu agwidwa masabata angapo, kenaka diso liyambanso kuona, miyendo ipepukanso, ndipo akhoza kukhala miyezi kapena zaka ali bwino isanambwerere. Tsono ngati anamwa kanthu pa masiku amene analikudwala kwambiri, nkwapafupi kuyamika kanthuko pamene wapeza bwino.

Maganizo akale

Ganizo lakuti mitsempha ya mwazi iri ndi mbali m'nthendayi silinali latsopano. M'caka ca 1863 Mjeremani wina wopima mitembo, Eduard Rindfleisch, anayang'ana zipsera za m'bongo ndi galasi lokuza zinthu, naona kuti pakati pa zipserazo padutsa kamtsempha ka mwazi. M'caka ca 1868 Jean-Martin Charcot wa ku Paris analongosola nthendayi bwino lomwe, naisiyanitsa ndi matenda ena a manjenje. M'zaka za m'ma 1930 Tracy Putnam wa ku Amereka anati zipserazo zicitika cifukwa ca mwazi wogwirana m'timitsempha tobweza. Anayesa kutseka mitsempha ya agaru kuti aone ngati zipsera zioneka, ndipo m'caka ca 1947 analemba za odwala amene anawapatsa mankhwala oletsa mwazi kugwirana. Njira yaceyo siinakhazikike, ndipo patapita nthawi inaiwalika.

Pambuyo pace umboni unacuruka wakuti asilikari a m'thupi ndiwo aononga, ndipo m'caka ca 1993 ku Amereka kunabvomerezedwa mankhwala oyamba ocepetsa kubwerera kwa nthendayi, ochedwa interferon beta. Mankhwalawo anali a jekeseni, okwera mtengo, obvuta m'thupi, ndiponso sanali ociritsa, anali kungocepetsa. Odwala anatsala ndi njala ya cinthu coposa pamenepo.

M'zaka zomwezo kunabadwa luso lina la cipatala. M'caka ca 1964 Charles Dotter wa ku Oregon anatsegula mtsempha wotsekeka wa m'mwendo wa mai wina wokalamba, osang'amba mwendowo, pongolowetsa timipopi tating'ono m'kati mwa mtsempha. M'caka ca 1977 Andreas Gruentzig ku Zurich anatsegula mtsempha wa pa mtima ndi kabaluni komangidwa ku nsonga ya kampopi. Luso limeneli lichedwa angioplasty. Dotolo aboola pang'ono m'mphecepece mwa nchafu, nalowetsa kampopi kowonda m'mtsempha, nakakankha pang'onopang'ono alikukapenya pa makina a X-ray kufikira kafika pamene pafinyika. Pamenepo afufumitsa kabaluniko kuti kakankhe makoma a mtsempha, kenaka akaphwetsa nakaturutsa. Nthawi zina asiyapo kaukonde ka waya kochedwa stent, kuti mtsempha usafinyikenso. Lusoli ndi loona, ndipo lapulumutsa anthu ambirimbiri a nthenda ya mtima. Cimene cinadzakanganitsa anthu ndi cakuti kodi kutsegula mitsempha ya m'khosi kuciza MS.

Dotolo ndi mkazi wace

Paolo Zamboni anali dotolo wa mitsempha ya mwazi pa Yunivesite ya Ferrara, kumpoto kwa Italy. Nchito yace yaikuru inali ya mitsempha yotupa ya m'miyendo ndi zironda zosapola zimene zidza nayo. M'caka ca 1995 mkazi wace anapezeka ndi MS, ndipo kuyambira pamenepo iye anayamba kuwerenga zonse zimene akale analemba za nthendayi. Pa nchito yace anadziwa kuti mitsempha yobweza ya m'mwendo ikafooka, mwazi uima nucucira m'mnofu, ndipo citsulo cimene ciri m'mwazi citsalira pamenepo nicidetsa khungu ndi kulitupitsa. Anadziwanso kuti m'zipsera za MS mupezeka citsulo, ndi kuti pakati pa cipsera padutsa kamtsempha kaja ka Rindfleisch. M'caka ca 2006 analemba kuti kapena zimene zicitika m'mwendo zicitikanso m'bongo.

Tsono anayamba kupima makosi a odwala ndi makina oona m'kati mwa thupi ochedwa ultrasound. Mwazi wocokera ku bongo ubwerera ku mtima podzera m'mitsempha iwiri ikuruikuru ya m'khosi yochedwa jugular, ndipo wocokera ku msana udzera m'mtsempha wa m'cifuwa wochedwa azygos. Zamboni anati mwa odwala MS mitsempha imeneyi iri yofinyika kapena yopotoka, kotero kuti mwazi suturuka bwino m'bongo. Bvuto limeneli analicha dzina lalitali limene lifupikitsidwa ndi malemba asanu akuti CCSVI. M'caka ca 2009 anafalitsa zimene anapeza mwa odwala MS 65 ndi anthu ena 235 opanda MS. Anati odwala onse 65 anali nalo bvutolo, ndipo mwa enawo munalibe ndi mmodzi yemwe.

Pa kutha kwa caka comweco anafalitsanso za odwala 65 amene anawatsegula mitsempha ndi baluni nawatsatira miyezi 18. Mwa iwo a nthenda yobwera nipita, amene sanagwidwenso anakwera kucokera pa 27 kufika pa 50 pa 100 ali onse. Za mkazi wace anati nayenso anatsegulidwa mitsempha napeza bwino.

Ganizoli linali lomveka kwa munthu wamba. Wogwira nchito pansi pa mgodi adziwa kuti mpopi woturutsa madzi ukatsekeka, madzi adzaza m'njira za pansi naononga zonse. Ndipo mankhwala ace ndiwo kutsegula mpopi. Koma madotolo a bongo anaona zoperewera zingapo. Panalibe gulu lina la odwala losatsegulidwa mitsempha loyerekeza nalo. Wodwala ndi womupima onse awiri anadziwa kuti opareshoni yacitika. Pafupi theka la mitsempha ya m'khosi imene inatsegulidwa inafinyikanso. Ndiponso ciwerengero ca onse ku mbali iyi, ndi wopanda ndi mmodzi yemwe ku mbali inayo, sicioneka kawirikawiri m'matupi a anthu. Akatswiri akaciona ayamba kukayika muyeso umene wagwira nchito. Zamboni mwini wace analemba kuti pafunika mayeso ena akuru oyerekeza magulu awiri.

Mbiri ibuka ku Canada

Tsiku Loweruka, pa 21 November 2009, wailesi ya kanema ya CTV ku Canada inaulutsa nkhani ya Zamboni pa programu yace yochedwa W5, ndipo nyuzipepa ya Globe and Mail inailembanso sabata lomwelo. Njirayo inachedwa ndi liu lakuti liberation, ndiko kunena kumasulidwa. Owonera anaona dotolo wofatsa amene anayamba kufufuza cifukwa ca cikondi ca pa mkazi wace, ndi odwala akunena kuti mphamvu zao zabwerera. M'dziko limene anthu ambiri adziwa wina wodwala MS, nkhaniyi inayaka ngati moto wa lupsya. Zipatala za bongo zinacuruka mafoni. Pasanapite nthawi yaitali pa Facebook panabadwa magulu ndi masamba oposa 500 okamba za CCSVI, ndipo pa YouTube anthu anaika zithunzi zao, wina akuyenda ndi ndodo asanapite, ndi yemweyo akuyenda yekha atabwera.

Madotolo a bongo atanena kuti anthu ayambe adikira umboni, odwala ambiri anapsya mtima. Ena anati madotolowo adya ndarama za makampani a mankhwala, ndi kuti aopa njira yocipa imene idzawalanda malonda. Mkwiyo umenewu suli wobvuta kuumvetsa. Akuru anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Munthu amene caka catha anayenda ndi ndodo, ndipo caka cino ali pa njinga ya opuwala, akauzidwa kuti adikire zaka zisanu, amva ngati auzidwa kuti adikire kufikira miyendo itatha.

M'mwezi wa May 2010 odwala anasonkhana pa bwalo la Nyumba ya Malamulo ku Ottawa ndi m'mizinda ina, kupempha kuti boma lilole opareshoniyo. M'mwezi wa June mabungwe a odwala MS a ku Canada ndi ku Amereka anapereka madola 2.4 miliyoni kuti magulu asanu ndi awiri a akatswiri afufuze. M'mwezi wa July Brad Wall, nduna yaikuru ya cigawo ca Saskatchewan, ananena kuti boma lace lidzalipira mayeso. M'mwezi wa August akatswiri oitanidwa ndi boma lalikuru analangiza kuti nthawi ya kuyesa opareshoni pa anthu siinafike. Koma m'mwezi wa June 2011 nduna ya za umoyo, Leona Aglukkaq, inalengeza kuti boma lidzalipira mayesowo.

Mtengo wace

Odwala sanadikire. Popeza zipatala za ku Canada sizinali kucita opareshoniyo, anthu zikwi zambiri anakwera ndege kumka ku Poland, Bulgaria, India, Mexico, Costa Rica ndi ku Amereka, kumene zipatala zolipiritsa zinatsegula makomo. Ulendo umodzi unali kudya madola zikwi zingapo, kawirikawiri oposa 10,000. Mabanja anathyola ndarama zosungira ukalamba, ena anakongola, ndipo m'matauni ang'onoang'ono anansi anasonkha kuti mnzao apite. Ambiri anabwera akunena kuti manja afunda, mutu wapepuka, kutopa kwacepa. Ena atapita miyezi ingapo anaona kuti zonse zabwerera, naganiza kuti mtsempha wafinyikanso, napita kaciwiri.

Ena analipira ndi moyo. Ku Stanford, m'cigawo ca California, madotolo anali ataika kale ma stent m'mitsempha ya m'khosi m'caka ca 2009. Mai wina anamwalira ndi kukha mwazi m'bongo alikumwa mankhwala oletsa mwazi kugwirana amene apatsidwa munthu woikidwa stent. Kwa mwamuna wina stent inasuntha niyenda ndi mwazi kufikira inalowa mu mtima, ndipo anacita kumng'amba cifuwa kuti aicotse. Ngozi imeneyi iri ndi cifukwa cace: mtsempha wotumiza umka nucepa m'mene mwazi ulowera, kotero stent igwira, koma mtsempha wobweza umka nukula polinga ku mtima, kotero kanthu kakamasuka kalibe pogwira. Nchitoyo inaimitsidwa ku Stanford m'mwezi wa December 2009. M'mwezi wa October 2010 mwamuna wa zaka 35 wa ku Ontario anafera ku Costa Rica, kumene anabwererako cifukwa mwazi unagwirana pa stent yace. M'caka ca 2011 mai wa ku Calgary anamwalira atacitidwa opareshoniyo ku California. Zamboni mwini wace anacenjeza anthu za ma stent, nawalangiza kuti asaleke mankhwala ao. M'mwezi wa May 2012 bungwe la boma la Amereka loyang'anira mankhwala, la FDA, linaturutsa cenjezo lakuti njirayi iribe umboni wa phindu, ndi kuti yabvulaza ndi kupha anthu.

Ena apima makosi

Funso loyamba linali lakuti kodi mitsempha yofinyika ipezekadi mwa odwala MS okha. M'caka ca 2010 akatswiri a ku Berlin ndi a ku Umeå m'dziko la Sweden anapima, osapeza kusiyana kumene Zamboni ananena. Ku Buffalo, m'cigawo ca New York, Robert Zivadinov anapima anthu 499, ndipo m'caka ca 2011 ananena kuti bvutolo analipeza mwa odwala MS 56 pa 100, komanso mwa anthu a matenda ena a bongo 42 pa 100, ndi mwa anthu amoyo bwino 23 pa 100. Ku Italy komweko bungwe la odwala MS linalipira kufufuza kwakukuru kwa anthu oposa 1,700, ndipo zithunzi zinawerengedwa ndi akatswiri osadziwa mwini wace wa cithunzi. M'caka ca 2013 anapeza bvutolo mwa odwala ngati 3 pa 100, ndi mwa amoyo bwino ngati 2 pa 100.

Caka comweco Anthony Traboulsee wa ku Vancouver ndi anzace anafalitsa zimene anapeza mwa anthu 177: odwala MS 79, abale ao obadwa nao 55, ndi anthu ena 43. Iwo anajambula mitsempha polowetsa kampopi m'kati mwace. Mitsempha yofinyika koposa theka inapezeka mwa odwala 74 pa 100, mwa abale ao 66 pa 100, ndi mwa ena aja 70 pa 100. Ndiye kuti kufinyika kwa mtsempha wa m'khosi ndi cibadwa ca anthu ambiri, odwala ndi osadwala omwe.

Cifukwa ca ziwerengero zosiyanasiyana cotere cinadziwika. Mtsempha wobweza suli ngati mpopi wa citsulo; uli wofewa ngati cubu ca njinga. Umaphwa ndi kufufuma monga munthu apumira, monga atembenuzira mutu, ndi monga wopimayo atsindikira makina ace pa khosi. Munthu akaimirira, mitsempha ya jugular imaphwa yokha, ndipo mwazi wambiri utsikira m'mitsempha ina ya m'mbali mwa mafupa a khosi. Thupi liri ndi njira zambiri zoturutsira mwazi m'mutu. Tsono wopima amene adziwa kuti uyu ndi wodwala, ngakhale ali munthu woona mtima, diso lace lifulumira kuona cimene aliyembekezera.

Opareshoni yonamizira

Funso laciwiri linali lobvuta koposa. Nanga anthu aja anati apeza bwino, kodi ananama? Sananame. Koma kuti cidziwike cimene cinawathandiza, panafunika njira imene madotolo anaiphunzira kale pa nthenda ina. M'caka ca 1939 dotolo wa ku Italy, Davide Fieschi, anayamba kumanga mitsempha iwiri ya m'cifuwa kuti acepetse kupweteka kwa mtima, ndipo m'zaka za m'ma 1950 opareshoniyo inachuka ku Amereka, pakuti odwala ambiri anati kupweteka kwacepa. M'caka ca 1959 Leonard Cobb wa ku Seattle anafalitsa mayeso a odwala 17. Onse anatemedwa khungu la pa cifuwa, koma asanu ndi atatu okha ndiwo anamangidwa mitsempha. Asanu ndi anai anangosokedwa. Wodwala sanadziwe gulu lace. Magulu onse awiri anapeza bwino mofanana, ndipo opareshoniyo inasiyidwa.

Munthu amene wakonzekera, walipira, wasamalidwa ndi madotolo, ndipo ayembekezera kucira, amamvadi kusintha m'thupi, makamaka pa zinthu zonga kutopa ndi kupweteka. Pa MS pawonjezekanso khalidwe lija la kubwera ndi kupita. Cifukwa cace mayeso oona afuna magulu awiri ofanana, osankhidwa mwa maere. Akuru anati liwiro la mumcenga nkuyambira limodzi. Onse alowa m'cipinda ca opareshoni, onse abooledwa pa nchafu ndi kulowetsedwa kampopi, koma baluni ifufumitsidwa mwa gulu limodzi lokha. Wodwala sauzidwa, ngakhale dotolo amene adzamupima pambuyo pace sauzidwa. Onse alongosoleredwa zimenezi asanalowe, ndipo alowa mwa kufuna kwao.

Mayeso otere anacitika katatu. Oyamba anali a ku Buffalo, a odwala 19, ofalitsidwa m'caka ca 2014. Phindu silinaoneke, ndipo mwa otsegulidwa mitsempha nthenda inaoneka ngati yacitako ukali, ngakhale anthuwo anali ocepa. Aciwiri anali a ku Canada, otsogoleredwa ndi Traboulsee m'mizinda ya Vancouver, Winnipeg, Montreal ndi Quebec. Odwala anali 104. 49 anatsegulidwa mitsempha, 55 anacitidwa yonamizira. M'mwezi wa March 2017 kunalengezedwa kuti patapita masabata 48 panalibe kusiyana pakati pa magulu awiriwo, kaya pa zimene odwala ananena, kaya pa zimene madotolo anapima, kaya pa zithunzi za bongo. M'magulu onse awiri munali anthu amene anati apeza bwino masiku oyamba.

Acitatu anatsogoleredwa ndi Zamboni mwini wace, m'zipatala zisanu ndi cimodzi za ku Italy, ndi ndarama za boma la cigawo ca kwao ca Emilia-Romagna. Mayesowo anachedwa Brave Dreams. Odwala a nthenda yobwera nipita anali 115. 76 anatsegulidwa mitsempha, 39 anacitidwa yonamizira, ndipo onse anatsatidwa miyezi 12. M'mwezi wa November 2017 zotsatira zinafalitsidwa m'magazini ya madotolo ya JAMA Neurology, dzina la Zamboni liri patsogolo. Analemba kuti kutsegula ndi baluni sikunabvulaze odwala a m'mayesowo, koma sikunathandize kuyenda, kuona, kapena kugwira kwa manja, ndi kuti njirayi siiyenera kulangizidwa kwa odwala MS. Pambuyo pace iye anapitiriza kunena kuti kapena alipo odwala ena owerengeka amene angapindule, koma akatswiri a bungwe la Cochrane, atasanthula mayeso onse atatu m'caka ca 2019, sanapeze phindu.

Zimene zinatsala

Nthendayo ikalipo, ndipo mankhwala oiciritsiratu sanapezeke. Koma m'zaka zomwezo za mkangano, mankhwala oletsa asilikari osokera aja anacuruka nakula mphamvu. M'caka ca 2017 kunabvomerezedwa ocrelizumab, oyamba kubvomerezedwa pa mtundu wa MS umene ungokulirakulira kuyambira pa ciyambi. M'caka ca 2022 akatswiri a ku Harvard, atasanthula mbiri ya asilikari a nkhondo a ku Amereka oposa 10 miliyoni, anapeza kuti munthu akagwidwa ndi kacirombo kochedwa Epstein-Barr, mpata wakuti adwale MS ukula ka 32. Ndipo kamtsempha kaja ka Rindfleisch sikanatayidwe. Makina a MRI atha kukaona mwa munthu wamoyo, ndipo m'malamulo odziwira nthendayi amene anakonzedwanso m'caka ca 2024, kamtsempha ka pakati pa cipsera kanawerengedwa ngati cizindikiro cothandiza kusiyanitsa MS ndi matenda ena. Cimene akale anaona cinali coona. Cimene cinalakwika ndi tanthauzo limene anacipatsa.

Pa mlandu uwu nkobvuta kuloza munthu mmodzi cala. Dotolo wa ku Ferrara anafuna kuthandiza mkazi wace, ndipo potsiriza anaika dzina lace pa kalata yotsutsa njira yace yomwe, cinthu cimene si onse angacite. Odwala sanali opusa. Anali anthu amene nthawi inalikuwathera. Koma opareshoni inayamba kugulitsidwa isanayesedwe, ndipo amene analipira ndiwo odwala ndi mabanja ao, ena ndi ndarama, ena ndi moyo.

Pa mgodi, mwala wonyezimira sauchula mkuwa kufikira wapita ku nyumba yopimira miyala. M'makomboni ndi m'misika sikusowa wogulitsa mankhwala amene ali ndi mboni zace zakuti zinacira. Mbonizo zikhoza kunena zoona za m'thupi mwao, monga anacitira a ku Canada. Mafunso amene anaweruza mlandu wa Zamboni ali awiri, ndipo munthu ali yense akhoza kuwafunsa asanaturutse ndarama yace: kodi amene sanalandire mankhwalawa anakhala bwanji? Ndipo amene anawapima, kodi anadziwa amene analandira ndi amene sanalandire?